Dzina Limene Lorna Anakana Kuwerenga

Moni kwa inu amene mwatsegula tsamba lino, kaya muli m'basi, kaya pakhonde, kaya pambali pa bedi la wodwala. Ndikuyamika Mulungu amene watisunga tonse kufikira lero, ndipo inunso zikomo pondibwereka makutu. Nkhani ndili nayoyi ndi ya mayi wina wa kuno kumpoto kwa Mangalande.

Lorna Birkby anali atatha zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi akuoneka pa wailesi ya kanema. Anayamba ndi nkhani za m'makhoti ndi za misewu yokumbika, kenako anamukweza kuti aziwerenga nkhani za m'mawa, ndipo pa zaka zisanu ndi zitatu zomalizazo ndiye ankayendetsa pologalamu ya zamasewero ya Loweruka masana, kuyambira 2 koloko mpaka kuwerenga zigoli zonse za dziko 5 koloko. Lamulungu ankaimba m'kwaya ya tchalitchi chawo cha Methodist, ndipo kumeneko palibe amene ankamupatsa ulemu wapadera, chifukwa ankachedwa kulowa mu vesi yachiwiri ngati wina aliyense.

Koma asanalowe pa kanema anali mtolankhani wa kanyuzipepala ka m'tauni ya kwawo. Munthu akafa pa ngozi, mtolankhani wamng'ono ndiye ankatumidwa kukagogoda pakhomo pa oferedwa kukapempha chithunzi cha malemu. Lorna ali ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri anamutuma kwa makolo a mnyamata amene anaphwanyidwa ndi makina ku fakitale ya nsalu. Anathamanga kuti anzake a nyuzipepala ina asamupitirire. Atagogoda, mayi wina anatsegula, manja ali ufa wokhawokha.

"Pepani ndi zovutazi, mayi," anatero Lorna. "Ndimati mwina mungatibwereke chithunzi cha Terence."

Mayiyo anamwetulira. "Chithunzi cha Terence? Wapambana chiyani?"

Apolisi odzauza banjalo za imfayo anafika patapita mphindi khumi. Madzi akatayika saoleka. Lorna anapempha chikhululukiro kwa Mulungu ndipo anakhulupirira kuti anachilandira, koma nkhope ya mayi uja sinamuchoke.

Loweruka la nkhani yathuyi linali la mu Novembala, nkhungu itaphimba dziko ngati bulangete lonyowa. Mu situdiyo zonse zinali monga mwa masiku onse. Lorna anakhala pakati pa tebulo. Kumanja kwake kunali a Clive Holroyd, amene anagwira pagolo zaka makumi awiri asanayambe kupereka ndemanga, bambo wa thupi lalikulu amene ankabisa mabisiketi pansi pa mapepala. Kuseri kwa makamera, pa kampando ka pakona, kunali Mayi Noreen, amene ankayendetsa mawu pa galasi la kutsogolo kwa kamera kuti Lorna aziwerenga akuyang'ana anthu m'maso. Ankapotoza kagudumu kakang'ono motsatira liwiro la pakamwa pa Lorna. Mkonzi wa pologalamuyo, Gavin Pell, mnyamata wa zaka makumi atatu ndi zinayi, ankakhala m'chipinda cha pamwamba, ndipo mawu ake ankalowa m'mutu mwa Lorna kudzera pa kachipangizo ka m'khutu. Nthawi yokhayo imene Lorna ankatha kumuyankha inali pamene akuonetsa chigoli cha ku bwalo lina, maikolofoni atatsekedwa kwa masekondi makumi awiri kapena atatu.

"Mdala, muli ndi zinyenyeswa pa tayi," anatero Lorna pa mpata wina wotere.

"Si zinyenyeswa izi, mlongo. Ndi maluwa a tayiyo."

"Masekondi khumi," anatero Gavin. "A Clive, mezani msanga. Kutafuna kwanuko akukumva mpaka ku Scotland."

"Mwana ameneyu adzandipha ndi njala," anadandaula a Clive. "Ine ndinkatchinga mipira iye akuyamwa chala."

"N'chifukwa chake timu yanu inatsika ligi kawiri," anatero Mayi Noreen ali pakona paja, osadzutsa n'komwe mutu.

Mipira makumi anayi inali mkati m'mabwalo osiyanasiyana. Nthawi itatsala pang'ono kukwana folo koloko, kunabwera uthenga waufupi kuchokera ku kabwalo ka timu ya Skelbeck Town: masewero aimitsidwa, wosewera wina wagwa yekha popanda womugunda, ndipo ambulansi yamutenga. Dzina sanatchule. Lorna anawerenga monga zinalembedwera, n'kumupempherera mumtima munthu wosamudziwayo, kenako anapitiriza ndi zigoli za kwina.

Mphindi khumi ndi imodzi zitapitirira pa folo koloko, maikolofoni atatsekedwa, mawu a Gavin anabwera otsika.

"Achemwali, zavuta. Wa ku Skelbeck uja wamwalira m'njira. Timu yatsimikiza, ndipo akuti banja lauzidwa. Ndikukuikirani pa galasi, mukangobwerera muyambe ndi imeneyo. A Clive, bisani mabisiketiwo."

Mawu anakwera pa galasi. Ewan Sugden, wa zaka makumi awiri ndi zitatu.

Lorna analizindikira dzinalo. Mnyamata ameneyo anacheza naye mwezi wapitawo, pa nkhani ya osewera amene anachokera ku ntchito za manja, chifukwa Ewan anali wopaka pulasitala asanalembedwe ndi timu. Kamera itazima, mnyamatayo anapempha kujambulitsa naye, akuchita manyazi. "Ndi cha amayi," anatero. "Sanandionerepo ndikusewera, Loweruka amakhala pa ntchito ku nyumba ya okalamba ku Withernby. Foni amaitsekera m'kabati mpaka aweruke. Koma folo koloko amakankha kangolo ka tiyi kulowa nako pabalaza, ndiye amakhala pomwepo ndi agogo aja kuonera inu. Akuti mukamawerenga kuti tagonja mumamveka ngati mwawamvera chisoni." Anaseka, n'kuwonjezera kuti chithunzicho asachione bambo ake, chifukwa awiriwo anasiyana iye ali ndi zaka zisanu ndi zitatu ndipo sapatsana ngakhale moni.

"Gavin," anatero Lorna, "amene wauzidwa ndi ndani?"

"Banja."

"Banja ndi ndani? Tchula munthu."

"Bambo ake. Anali ku bwalo komweko, akwera nawo ambulansi. Masekondi khumi ndi asanu."

"Nanga mayi ake?"

"Achemwali, chikalata cha timu chikuti banja lauzidwa. Lamulo lathu ndi limenelo, ndipo talisunga. Khumi."

"Bambo ndi mayi aja salankhulana. Mayiwo ali pa ntchito, foni ili m'kabati, ndipo pano akundiyang'ana ine, kapu ya tiyi ili m'manja."

"Zisanu. Zinayi. Werengani, chonde. Ziwiri."

Nyali yofiira ya pa kamera inayaka.

Gavin sanali munthu woipa, ndipo monga mwa malamulo a ntchito yawo sanalakwe. Lorna ankadziwa zimenezo. Ankadziwanso kuti muulutsi amene akana mawu a mkonzi pologalamu ili mkati sakhalitsa pa mpando. Anayang'ana dzinalo pa galasi, ndipo kuseri kwa dzinalo kunali diso la kamera, ndipo kuseri kwa disolo kunali balaza lofunda la ku Withernby. Mumtima anati, Ambuye, khalani mlonda wa milomo yangayi. Kenako anamwetulira pang'ono monga mwa nthawi zonse.

"Chigoli chokongola chimenecho cha ku Carlisle," anatero. "A Clive, goloboyi uja akanachita chiyani?"

"Mayi Birkby!" anakuwa Gavin m'khutu. "Si zimenezo ayi! Zili pa galasi!"

Mayi Noreen, poganiza kuti Lorna sanaone, anagwedeza mawuwo, kuwakweza ndi kuwatsitsa. Lorna anaika chikhatho pa tebulo mwakachetechete. Mayiwo anamuyang'ana nkhope, n'kuchotsa dzanja pa kagudumu.

A Clive anali atamva zonse, chifukwa nawonso anali ndi kachipangizo kawo. Maso awo anali atafiira, koma anakoka mpweya n'kuyamba kufotokoza momwe goloboyi amaimira mpira ukamachokera pakona, ndipo anafotokoza motalikitsa ngati mlaliki amene wataya kapepala ka mathero a ulaliki.

Mpata wotsatira unabwera patapita mphindi zitatu. Lorna sanataye sekondi.

"Amayi, siyani kagudumuko. Mayi ake a Ewan dzina lawo ndi Denise, linalo sindikulidziwa, anabwerera ku la kwawo. Nyumba ya okalamba ku Withernby. Imbani zonse. Mukawapeza, muuze mkulu wa pamalopo azimitse kanema, awatengere m'chipinda, akhale nawo pansi."

"Nanga uziwerenga chiyani, mwanawe?"

"Pakamwa ndili napo."

"Abusa a timu ija ndimawadziwa," anatero a Clive, foni ili kale pansi pa tebulo, zala zawo zikuluzikulu zikuphonya mabatani. "A Tordoff. Tinkaba limodzi maapozi tili ana. Ndiwauze anyamuke kuchipatalako, alunjike Withernby, nyumbayo tiwauza ali m'njira."

"Mayi Birkby, mverani," anatero Gavin, akuyesetsa kuugwira mtima. "Pa intaneti nkhaniyi yadzaza. Anzathu a nyumba ina aja ayitulutsa kale. Anthu zikwi zitatu anaona ndi maso awo. Tikuoneka ngati tagona, kapena tikubisa. Ngati simuwerenga, ndilemba dzinalo pansi pa kanema."

"Ukalemba, ine ndidzuka pano. Kamera ione mpando."

"Simungatero."

"Ndiyese, mwana wanga."



"Withernby ija nyumba za okalamba zilipo khumi ndi zinayi," anatero Gavin mokwiya. "Tauni yonse ndi agogo okhaokha. Ndipo mudziwe ichi: hafu pasiti folo nkhani za ku London zikulowa pa kanema wathu yemweyu, ndipo dzinalo ali nalo kale. Pamenepo si za inu, si za ine. Mwatsala ndi mphindi khumi ndi zisanu. Zitatu, ziwiri."

Mayi Noreen anali atatuluka kale, akuthamanga ndi mawondo awo odwalawo kupita m'khonde la kuseri kwa chitseko chagalasi. Kagudumu kanakhala kopanda mwini, ndipo mawu aja anaima pa galasi pomwe anawasiya. Kulikonse kumene Lorna akanayang'ana kuti alankhule ndi anthu, dzina la Ewan linali pomwepo, zilembo zoyera pa mdima, ndipo anayenera kulankhula modutsa m'dzinalo.

Analankhula. Zigoli zinkabwera pa kakanema ka pa tebulo, iye n'kumaziluka ndi mawu akeake. Anakumbukira amene anavulala bondo chaka chatha, amene anabwerekedwa ku timu ina, timu imene sinapambanepo koyenda chiyambire Ogasiti. Zaka zonse zimene anakhala akuwerenga masamba akumbuyo a nyuzipepala pa sitima zinatuluka tsiku limenelo ngati chimanga cha m'nkhokwe pa chaka cha njala. Mpweya ukamamuthera, ankautsatira monga amachitira m'kwaya pa nyimbo ya mizere italiitali, kupuma pamene mzere wathera, osati pamene mantha afuna.

"A Clive, nkhungu ngati ya leroyi, munthu wa pagolo amaona chiyani?"

"Palibe, mlongo. Umangomva phokoso, n'kudziponya mbali imene anthu akutukwanira."

"Ndiye n'chifukwa chake munkadziponya kwambiri."

"Ee, ankanditukwana mbali zonse."

Anaseka onse awiri, ndipo kuseka kumeneko kunamupweteka Lorna ngati kumeza fupa. Anaganiza za anthu zikwizikwi amene anali atamva kale, amene tsopano ankamuona akuseka ndi mdala wa mabisiketi mnyamata atangomwalira. Mawa adzamulemba kuti ndi wouma mtima, kapena wokalamba amene sakudziwa zimene zikuchitika. Anavomera zimenezo. Anakumbukira mfumu ija ya m'Malemba imene inakhala pachipata kudikira othamanga ochokera kunkhondo, osafunsa za kupambana, kungofunsa ngati mwana wake ali bwino. Wothamanga woyamba anafika msanga koma anaopa kunena. Lorna sankaopa kunena. Ankangofuna kuti mayi uja amve kwa munthu amene angathe kumugwira dzanja.

Kuseri kwa chitseko chagalasi Mayi Noreen ankaoneka foni ili kukhutu. Ankakweza zala kuonetsa nyumba zimene amaliza, n'kupukusa mutu. Zitatu. Zinayi. Pa mpata wina anasuzumira.

"Denise ndamupeza mmodzi, koma ali ndi zaka makumi asanu ndi anayi ndi chimodzi, ndipo mpira amadana nawo. Kwinaku wayankha gogo wina wogontha, akuti ndimubweretsere nsomba ndi tchipisi, viniga wambiri. Kwina sakuyankha n'komwe, ali pa tiyi."

"Pitirizani, amayi."

"Abwana a ku London andiimbira," anatero Gavin. "Akufunsa ngati mwadwala."

"Unawauza chiyani?"

"Ndati mwadwala mutu wouma. Zisanu, zinayi."

Mphindi zinapita. Gavin anasiya kukuwa, ankangotchula bwalo lotsatira ndi masekondi. Kenako, Lorna ali mkati mofotokoza za penate ya ku Grimsby, anamva m'khutu mawu amene sanali ake. Gavin anali ataiwala kutseka batani lake.

"Pepani, mayi, ndikufunsa ngati muli ndi wantchito dzina lake Denise, mwana wake amasewera mpira. Ayi? Zikomo, pepani." Kenako, kwa wina wa m'chipindamo: "Ndayambira pansi pa mndandanda, Mayi Noreen ayambira pamwamba. Ndipatse nambala inayo. Fulumira, iwe!"

Lorna anatsala pang'ono kuphonya dzina la womenya penateyo. Analitchula, n'kupitiriza.

Koma nthawi sidikira mfumu. Wotchi ya pansi pa kamera inafika mphindi makumi awiri ndi zisanu ndi zinayi. Mayi Noreen anali atamaliza nyumba zisanu ndi ziwiri, Gavin zinayi. Zinatsala zitatu.

"Mphindi imodzi kuti tipereke ku London," anatero Gavin, mawu atasasa. "Pepani, achemwali. Tayesetsa."

Pa ntchito ya kuulutsa pali tchimo limodzi limene ngakhale wophunzira amalidziwa: kudya nthawi ya nkhani. Muulutsi amatha kulakwitsa dzina, kutsokomola, ngakhale kugwetsa kapu, koma wowerengera akafika pa ziro, pakamwa pamayenera kukhala patatsekeka. Lorna anali asanaphonyepo sekondi imeneyo pa zaka zake zonse. Ankadziwanso kuti batani lopereka ku London lili pansi pa chala cha Gavin, ndipo kuti mkonzi sakonda kudula muulutsi wake pakati pa mawu.

"Khumi. Zisanu ndi zinayi. Tsanzikani. Zisanu ndi ziwiri."

Lorna anatembenukira kwa a Clive.

"Zitatu. Ziwiri. Imodzi."

"Mdala," anatero Lorna modekha, "pali funso limene ndakhala ndikufuna kukufunsani zaka zonsezi. Magolovesi anu aja, munkawachapa ndi chiyani?"

A Clive anamuyang'ana ngati munthu amene wauzidwa kuti ayende pamadzi. Kenako anatsamira mpando. "Funso labwino kwambiri limenelo. Ndiyambire pachiyambi penipeni. Malemu akazi anga anali ndi sopo wina wotsukira mbale."

M'khutu munali phokoso. Munthu wina wa ku London ankakuwa pa chingwe china kuti apatsidwe kanema. Lorna anadikira kuti nyali yofiira izime pakati pa nkhani ya sopoyo. Sinazime.

"London, dikirani," anamveka Gavin. "Ndikudziwa. Dikirani, ndati! Lembani dzina langa, ndi Pell, P, E, L ziwiri."

Masekondi makumi awiri. A Clive anali atafika pa kayanikidwe ka magolovesi pamwamba pa chitofu. Makumi anayi. Thukuta linkatsika m'khosi mwawo kulowa mu kolala. Mphindi yathunthu. Lorna anafunsa ngati magolovesi a masiku ano amachapika chimodzimodzi, ndipo mumtima munalibenso pemphero la mawu, munangotsala kubuula kumene Mzimu yekha amakumva.

Chikhatho chinamenya chitseko chagalasi. Mayi Noreen anali ataima pamenepo, foni ili kukhutu, misozi ili mbwembwembwe, akugwedeza mutu kuvomera. Anatukula chala, n'kuchita ngati akudina batani lozimitsira.

"Wazima," anatero Gavin, mpweya uli pamwamba. "Kanema wazima. Denise ali mu ofesi ndi mkulu wawo, chitseko chatsekedwa. Abusa atsala mphindi zisanu. Ndipereke ku London?"

Lorna anapukusa mutu pang'ono kwambiri. Nkhani imeneyi anaisunga yekha, ndipo anafuna kuitula yekha. Anagwira mkono wa a Clive kuti asiye, n'kutembenukira ku kamera. Mawu aja anali pomwe anaima.

"Tisanapite ku London," anatero, "tili ndi uthenga wachisoni. Ambiri a inu mwaumva kale, ndipo mwina mumadabwa kuti ife tachedweranji. Tinali ndi chifukwa. Ewan Sugden, wotchinga kumbuyo wa Skelbeck Town, amene anagwa pa bwalo masana ano, wamwalira. Anali ndi zaka makumi awiri ndi zitatu." Anawerenga zotsalazo pang'onopang'ono, ndipo mizere ya pa galasi itatha anawonjezera yakeyake iwiri: kuti anali wopaka pulasitala waluso, ndi kuti anali mnyamata waulemu. Mawu ake sananjenjemere. A Clive ndiwo anabisa nkhope m'manja mwawo muja.

Nthawi ya 5 koloko Lorna anawerenga zigoli zonse, ligi ndi ligi, monga mwa mwambo, chifukwa anthu ankazidikira. Atafika pa Skelbeck Town anangoti, "Masewero sanathe," n'kupuma kamphindi asanapitirire.

Nyali zitazima, Gavin anatsika masitepe malaya atanyowa kumsana. Anaima patsogolo pa tebulo, manja m'matumba.

"Mphindi imodzi ndi masekondi makumi atatu ndi asanu ndi awiri," anatero. "Lolemba naini koloko, kwa abwana. Tonse awiri. Akuti mpando uno auganiziranso."

"Ndamva."

"Ine ndili ndi mwana wakhanda kunyumba, Mayi Birkby."

"Ndikudziwa, mwana wanga. Ndikawauza kuti ndinakukakamiza."

"Musakaname. Batani linali langa." Anayang'ana pansi. "Komabe mukanandiuza bwinobwino poyamba paja."

"Unandipatsa masekondi khumi ndi asanu."

"Anali ambiri amenewo," anatero Gavin, ndipo anatenga bisiketi imodzi pansi pa mapepala a a Clive, n'kuidya osapempha.

Mayi Noreen analowa atanyamula makapu anayi a tiyi pa thireyi, n'kukhala pansi mwamphamvu. Mkulu wa nyumba ija, Mayi Rehman, anali atawaimbiranso.

"Akuti atalowa pabalaza anapeza Denise ataima ndi ketulo pakati pa agogo, akuyang'ana iwe. Anali ataona kale pa mndandanda kuti mpira wa Skelbeck waima, koma ankati ndi nkhungu, ndipo ankauza gogo wina kuti Ewan abwera akung'ung'udza. Kanema atazima agogo onse anakuwa, wina mpaka anaponya silipasi. Mayi Rehman anangomugwira Denise pamkono, n'kuti tiye ku ofesi. Akuti anadziwa pomwepo kuti kwagwa kanthu, koma sanafunse. Anakhala pansi, manja awo ali m'manja mwa mkuluyo, mpaka abusa analowa. Abusawo anagwada pansi kuti maso awo alingane, ndipo anawauza."

Palibe amene anagwira kapu yake.

"Anati chiyani?" anafunsa Lorna.

"Analira, mwanawe, ukuganiza kuti akanatani? Mpaka anamveka kukhitchini. Kenako anafunsa chinthu chimodzi, ngati mwanayo anali yekha. Abusa anati ayi, bambo ake anamugwira dzanja njira yonse. Ndiye akuti anati, nditengereni kumene kuli bambo akewo."

Lorna anachotsa kachipangizo ka m'khutu, n'kukaika pa tebulo. M'mutu mwake munakhala zii kwa nthawi yoyamba chiyambire masana. Apo m'pamene misozi inabwera, ndipo inatsika ndi utoto wonse wa kumaso mpaka pa kolala. A Clive anamupatsa mpango wawo wa m'thumba, umene unali ndi zinyenyeswa, ndipo iye anaulandira.

Mpando uja anamuchotsapodi nyengo ya mpira itatha, ndipo anabwerera ku nkhani za m'mawa za m'chigawo, kudzuka tambala asanalire ngati mtsikana wongoyamba ntchito. Anapita osadandaula. Denise sanakumane naye, ndipo sindikudziwa ngati mayiyo anauzidwa n'komwe zimene zinachitika mu situdiyo muja.

Tsono inu amene mwayenda nane mpaka pano, Mulungu wa chitonthozo chonse akusungeni, inu ndi ana anu, amene ali pafupi ndi amene ali kutali. Tsiku la uthenga wowawa likadzafika pakhomo panu, asadzalole kuti likupezeni muli nokha. Ndipo ikadzakhala nthawi yanu yonyamulira wina uthenga wotere, akupatseni mtima wolimba, mapazi odekha, ndi manja ofunda. Mtendere wake ukhale nanu. Amen.